Mabodi a LoRa akukana kudzuka: vuto ndi chip kapena ndi driver?

Funso

Akulu, ndine wophunzira za uinjiniya wa zamagetsi, chaka chomaliza. Pulojekiti ya gulu lathu ndi yoika masensa 20 oyeza chinyezi cha m'nthaka pa sikimu ya chimanga chothirira, kuti azitumiza ziwerengero pa LoRa, wailesi yofika patali ndi moto wochepa, kupita pamalo amodzi. Anzathu a chaka chatha ankagwiritsa ntchito mabodi a Heltec WiFi LoRa 32 V2 ndipo anatisiyira code yawo. Ife taitanitsa mabodi a dzina lomwelo koma abwera olembedwa V3, ndipo code ija ikungolemba kuti "Starting LoRa failed!" Kodi atigulitsa zakufa? Komanso aphunzitsi athu amakonda kutchula ma operating system a TinyOS ndi Contiki pa bodi ya TelosB. Tiyambire pati?

Yankho

Mabodi anu ndi amoyo, musawabweze. Dzina la pabokosi ndi lomwelo, koma m'kati mwasintha zinthu ziwiri zikuluzikulu. V2 ili ndi ESP32 yoyamba ija pamodzi ndi wailesi ya Semtech ya banja la SX127x, kawirikawiri SX1276. V3 ili ndi ESP32-S3 ndi wailesi ya SX1262. Mawu amene mukuwaonawo amachokera m'zitsanzo za library (code yolembedwa kale yoti ena azigwiritsa ntchito) ya arduino-LoRa, imene analemba Sandeep Mistry, ndipo library imeneyi imadziwa banja la SX127x lokha. Ikamayamba ntchito imawerenga register (kamalo kosunga nambala m'kati mwa chip) ya 0x42 n'kuyembekezera kuti chip iyankhe 0x12. SX1262 siyankha choncho, ndiye library imangoti pano palibe wailesi. Mungasinthe manambala a mapini tsiku lonse, sizidzatheka.

Kusiyana kwa ma chip awiriwa n'kozama kuposa mmene manambala awo akuonetsera. Pa SX1276 mumalemba m'ma register mwachindunji kudzera pa SPI: ikani ichi apa, ikani icho apo, basi wailesi yauluka. SX1262 imalandira malamulo, monga SetStandby, SetPacketType ndi SetTx, ndipo ili ndi pini yotchedwa BUSY imene driver, code yoyendetsa wailesiyo, iyenera kuidikira kuti itsike isanatumize lamulo lina. Driver ikapupuluma, lamulolo limangotayika mwakachetechete. Uthenga woti ntchito yatha umabwera pa pini ya DIO1, osati pa DIO0 monga kale. Chachitatu ndiye chimene chimagwetsa anthu ambiri: pa V3 kachipangizo kosunga mafunde kuti asasochere, ka mtundu wa TCXO, kamalandira moto kuchokera ku wailesi yomweyo kudzera pa DIO3, ndipo driver iyenera kunena kuti ndi mavoti angati. Pa bodi yanuyi ndi 1.8 V. Mukapanda kunena bwino, library ya RadioLib imakubwezerani nambala ya -707, munthu n'kumaganiza kuti chip yapsa pamene yangosowa moto wa kachipangizo kamodzi. DIO2 nayo imayendetsa switch yosankha pakati pa kutumiza ndi kulandira.

Choti muchite lero ndi ichi. Chotsani arduino-LoRa, ikani RadioLib ya Jan Gromeš, imene imadziwa mabanja onse awiri. Mu Arduino IDE sankhani bodi ya V3, chifukwa ESP32-S3 si ESP32 ija. Mapini a wailesi pa V3 ndi awa: NSS 8, SCK 9, MOSI 10, MISO 11, RST 12, BUSY 13, DIO1 14. Choncho mzere wanu woyamba ukhale `SX1262 radio = new Module(8, 14, 12, 13);` Mapini a kasikirini ka OLED nawo anasuntha, musadabwe kakada. Ngati mabodi a V2 a anzanu aja adakalipo musawataye, chifukwa mumlengalenga V2 ndi V3 zimamvana bwinobwino, bola zimene mwasankha pokonza wailesi, kutanthauza mafunde, spreading factor, bandwidth ndi sync word, zifanane. Sync word imalembedwa mosiyana m'kati, 0x12 pa SX1276 ndi 0x1424 pa SX1262, koma RadioLib imatembenuza yokha.

Tsono funso lanu lachiwiri ndi limene ndikufuna tikhalirepo, chifukwa zimene zakuchitikiranizi zidzakuchitikiraninso pa chip ina mukapanda kuona gwero lake. Anthu timasankha chip poyang'ana datasheet: imafika mtunda wautali bwanji, imadya moto wochuluka bwanji, ndi ndalama zingati. Datasheet sikuuzani ngati pali njira yochokera pa kompyuta yanu kukafika m'kati mwa chip imeneyo. Njira imeneyi ili ndi magawo ake. Pali toolchain, kutanthauza compiler, linker, pulogalamu yolowetsa code mu chip ndi chida chofufuzira zolakwika chip ikugwira ntchito. Pali ma driver a wailesi ndi a masensa. Pamwamba pake pali stack ya netiweki, kaya ndi LoRaWAN (malamulo a netiweki ya LoRa yoyendetsedwa ndi seva), kaya 6LoWPAN (IPv6 ya timawailesi ta masensa). Gawo limodzi likasowa, chip yapamwamba ija ndi kamwala chabe. Zili ngati kugula galimoto: munthu wanzeru amayamba wafunsa ngati masipeya ake amapezeka mu Limbe kapena ku Malangalanga ndiponso ngati pali makaniko woidziwa, liwiro lake amafunsa pambuyo.

Aphunzitsi anu akamatchula TelosB sakulakwitsa, chifukwa mbali yaikulu ya sayansi ya ma netiweki a masensa inakulira pamenepo. TinyOS inachokera ku yunivesite ya California ku Berkeley cha m'ma 2000, yolembedwa m'chinenero chakechake chotchedwa nesC. Contiki anaiyambitsa Adam Dunkels ku Swedish Institute of Computer Science zaka zochepa pambuyo pake. TelosB inali ndi MSP430F1611 ya Texas Instruments, ya RAM 10 KB ndi flash 48 KB, ndi wailesi ya CC2420 yotumiza 250 kbps pa 2.4 GHz motsatira IEEE 802.15.4. Wailesiyi inapangidwa ndi kampani ya ku Norway ya Chipcon, imene Texas Instruments inaigula mu 2006. Mapepala ambiri a kafukufuku amene mudzawerenge anayesedwa pa bodi imeneyi kapena pa MICAz, imene inali ndi ATmega128L ndi CC2420 yomweyo.

Koma yesani lero kukonza kompyuta yatsopano kuti ipange code ya TelosB, muona pamene pagona vuto. TinyOS inatulutsa 2.1.2 mu 2012 ndipo kuchokera pamenepo yakhala chete. Compiler imene anthu a nthawi imeneyo ankagwiritsa ntchito, mspgcc, inalekezera pa GCC 4.7. Kenako kunabwera ina, msp430-elf-gcc, yothandizidwa ndi Texas Instruments, koma si yolowa m'malo mwa inzake mosavuta: ma header ndi osiyana, kalembedwe ka zinthu zina n'kosiyana, ndipo pa chip ya flash 48 KB kusintha pang'ono kwa kukula kwa code kumatanthauza kuti pulogalamu sikukwananso. Contiki-NG, imene inapatuka ku Contiki mu 2017, imathetsa mutu wopwetekawu pokupatsani Docker image, phukusi la mapulogalamu okonzeratu, yokhala ndi compiler yakaleyo kale. Langizo langa ndi loti muitenge, muphunzire RPL (mmene masensa amasankhira njira ya uthenga) ndi TSCH (mmene amagawirana nthawi ndi ma channel) mu simulator ya Cooja, imene imayendetsa code yeniyeni ya MSP430 pa masensa ongoyerekezera makumimakumi popanda kugula kanthu. Pophunzira palibe choposa pamenepo. Koma kumunda musapite ndi TelosB. CC2420 pabwalo loyera imafika mamita pafupifupi 100, ndipo m'chimanga chotalika, chonyowa, mafunde a 2.4 GHz amafooka msanga, moti mungafunike masensa ena ongopatsirana uthenga.

Msampha wina wa mtundu womwewo ndi chip ya wailesi ya CC2530. Ma module ake ndi otchipa ndipo ali ponseponse pa intaneti, munthu n'kukopeka. M'kati mwake muli purosesa ya 8051, imene GCC siidziwa, ndipo Z-Stack, stack ya Texas Instruments ya chip imeneyi, imafuna IAR Embedded Workbench, pulogalamu yolipira. Ndalama imene mwapulumutsa pa module imakathera pa laisensi.

Chimene chinapeputsa moyo wa anthu ndi kubwera kwa ARM Cortex-M. Compiler yake, arm-none-eabi-gcc, ndi yaulere ndipo ndi imodzi yomweyo kaya chip ndi ya ST, ya Nordic kapena ya Texas Instruments. Mawaya awiri a SWD ndi kachida kotchipa ka ST-LINK kapena CMSIS-DAP zikukwanirani kuimitsa pulogalamu pakati n'kuona zimene zili mu RAM, kudzera pa OpenOCD ndi GDB. Ngati mufuna 802.15.4 masiku ano, nRF52840 ya Nordic, ya flash 1 MB ndi RAM 256 KB, imadziwika ndi ma operating system a Contiki-NG, RIOT ndi Zephyr, onse atatu. Chip ikadziwika ndi magulu atatu osiyana, mumadziwa kuti limodzi likagwa ulesi simugwira njakata. Ku mbali ya LoRa kuli STM32WLE5, imene ST inaika Cortex-M4 ndi wailesi ya banja la SX126x m'chip imodzi. Ndi imene ili m'ma module a RAK3172 ndi LoRa-E5. ESP32 ndi ESP32-S3 zanu si ARM, ndi Xtensa, ndipo compiler yake mumaitenga kwa Espressif eni ake. Amaisamalira bwino, koma dziwani kuti mukudalira nyumba imodzi, ndipo gawo la Wi-Fi amalipereka lotseka, losawerengeka.

Zephyr ndiitchule padera. Ili pansi pa Linux Foundation kuyambira 2016, ndipo Nordic inamangapo nRF Connect SDK yake. Ubwino wake ndi wokhudza vuto lanu lenileni: mapini ndi mtundu wa wailesi zimalembedwa mu devicetree, kunja kwa pulogalamu, ndipo pulogalamuyo imangoitana lora_config ndi lora_send. Anzanu akadalemba mu Zephyr, kuchoka pa SX1276 kupita pa SX1262 kukanakhala kusintha fayilo ya bodi basi. Koma imafuna kuleza mtima poiphunzira, ndipo kuikopera koyamba kumadya magigabaiti, zimene kwa munthu wogula bandulo si nkhani yaing'ono. Pa miyezi imene yakutsalirani, ine sindingakukankhireni kumeneko.

Tsopano mawu akuti chip iyi "ndi yothandizidwa" muziwakayikira. Nthawi zambiri amangotanthauza kuti wina anayatsa LED n'kutumiza uthenga umodzi patebulo. Kwa sensa ya kumunda funso lenileni ndi lakuti: kodi driver imadziwa kugoneka zinthu? Tiwerengere limodzi. Batire ya 18650 tiiike pa 2500 mAh. SX1276 ikasiyidwa ikumvetsera imadya pafupifupi 11 mA, SX1262 pafupifupi 5 mA, pamene zikagona zonse zimatsika pansi pa 1 µA. Sensa imene ikudya 10 mA nthawi zonse imaliza batireyo m'maola 250, masiku khumi ndi pang'ono. Imene ikugona pa 20 µA n'kumadzuka kamphindi kochepa pa ola ingathe chaka osaikhudza. Code ya ziwirizi ingasiyane mzere umodzi wokha, woti radio.sleep() purosesa isanagone. Ndipo bodi yophunzirira ili ndi akuba ena a moto amene datasheet ya chip siwawerengera: regulator, chip ya USB, kasikirini, LED, mawaya oyezera batire, ndi sensa yeniyeniyo mukaisiya yoyaka. Choncho musakhulupirire nambala ya munthu aliyense, ngakhale yangayi. Dulani waya wa batire, lowetsani multimeter pa µA, muone ndi maso anu bodi itagona. Sensa ya chinyezi muziipatsa moto pokhapokha poyeza, ndipo mugule za mtundu wa capacitive, chifukwa zija za timiyendo tiwiri tachitsulo zimadyeka m'nthaka yonyowa m'masabata ochepa.

Kugona kumabweretsa vuto lake, ndipo ili ndi limene limapweteka kwambiri chifukwa silioneka tsiku loyamba. ESP32 ikalowa mu deep sleep imaiwala zonse za mu RAM yake yaikulu, ikadzuka imayambiranso pachiyambi ngati yangoyatsidwa kumene. Ngati mukugwiritsa ntchito LoRaWAN, sensa iyenera kukumbukira makiyi a session ndi frame counter, nambala yowerengera mauthenga, apo ayi seva imataya mauthenga ake poganiza kuti ndi obwereza. Kuyambira LoRaWAN 1.0.4, nambala ya DevNonce, imene sensa imatumiza popempha kulowa mu netiweki, nayo iyenera kumangokwera, osabwerera, pa moyo wonse wa sensayo. Ikaiwalika, seva ya LoRaWAN ya The Things Network imakana sensa kulowa n'kulemba kuti "DevNonce is too small". Ndiye library yabwino iyenera kukupatsani njira yosungira zinthuzi. RadioLib imakupatsani, koma kusunga kwenikweni ndi ntchito yanu: za session muziika mu RTC memory, imene imapirira deep sleep, ndipo za nonce muziika mu flash, chifukwa RTC memory imafufutika batire ikachotsedwa. Yesani dala: chotsani batire, bwezerani, muone ngati sensa ikulowanso. Mukapanda kuyesa mu labu, mudzayesa pa sikimu dzuwa likuswa mtengo, anthu akukuyang'anani.

Njira ina yoyezera ngati driver inalembedwa ndi munthu wosamala ndi kuyang'ana errata. Chip iliyonse imatuluka ndi zilema zake, ndipo opanga amazilemba. Datasheet ya SX1262 ili ndi mutu wa Known Limitations chakumapeto. Chimodzi mwa zimenezo chimakhudza register ya 0x0736, imene iyenera kukonzedwa pamene mukulandira ndi IQ yotembenuka, ndipo mauthenga a LoRaWAN ochokera ku gateway, chida cholumikiza masensa ndi seva, amabwera motero. China ndi register ya 0x08D8, yokhudza mphamvu yotumizira pamene eriyo sikugwirizana bwino ndi wailesi. Tsegulani code ya driver, fufuzani manambala awiriwa. Akapezeka, wolembayo anawerenga mpaka kumapeto. Akasowa, funani driver ina.

Mwati mauthenga apite pamalo amodzi, ndiye pano sankhani bwino. Bodi ya Heltec si gateway ya LoRaWAN. Gateway yeniyeni ili ndi chip ya SX1301 kapena SX1302 yomvetsera ma channel asanu ndi atatu nthawi imodzi. Ngati mulibe ndalama yake, musakakamire LoRaWAN. Masensa 20 otumiza timabaiti tochepa kamodzi pa theka la ola angathe kuyankhula LoRa wamba ndi bodi imodzi yolandira, aliyense ndi nambala yake, n'kumasinthasintha pang'ono nthawi yotumizira kuti asamagundane. Nkhani ya DevNonce ija ndiye kuti mwaizemba. Gateway ikapezeka koma intaneti kumunda kulibe, seva ya LoRaWAN ya ChirpStack imayenda pa kakompyuta ka Raspberry Pi pompo. Onaninso zomata pa mabodi anu, chifukwa amagulitsidwa a 433, 868 ndi 915 MHz, ndipo eriyo iyenera kufanana nawo. Africa ili m'chigawo choyamba cha ITU, bungwe la padziko lonse logawa mafunde, pamodzi ndi Ulaya, n'chifukwa chake ambiri kuno amatsata EU868, dongosolo la ku Ulaya la 868 MHz, kumene pa ma channel odziwika saloleza kutumiza kupitirira 1% ya nthawi. Koma mwini mafunde ndi MACRA, ku Zambia ndi ZICTA, ndipo dipatimenti yanu iwafunse musanakweze eriyo pamtengo. Musayatsenso wailesi kuti itumize eriyo isanalumikizidwe, imatha kupsa.

Pali timavuto ta mbali ya kompyuta timene timadya nthawi zosayenera. V3 imalumikizana kudzera pa chip ya CP2102, mabodi ena otchipa pa CH340, ndipo pa Windows zimafuna driver yake. Pa Linux ma driver alimo kale, koma dzina lanu liyenera kukhala m'gulu la dialout, ndipo pa Ubuntu 22.04 pulogalamu ya brltty imalanda ma CH340 bodi n'kusowa pamndandanda. Musanaimbe mlandu chilichonse, sinthani chingwe cha USB, chifukwa zambiri za pamsika ndi zochajira foni basi, mawaya a deta mulibe. Zinthu zachinyengo nazo zilipodi, ngakhale mabodi anu si otero. Mabodi a Blue Pill ambiri ali ndi chip yotengera STM32F103, ndipo OpenOCD imadandaula kuti yapeza idcode 0x2ba01477 m'malo mwa 0x1ba01477. Masensa ogulitsidwa ngati BME280 nthawi zina amakhala BMP280, yosayeza chinyezi cha mumpweya. Yeniyeni imayankha 0x60 pa register ya dzina, inayo 0x58. N'chifukwa chake pa chip iliyonse yatsopano, chinthu choyamba kuwerenga ndi nambala ya dzina lake.

Chimene chikundikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi choti anzanu anakusiyirani code yokha. Code yopanda toolchain yake ndi theka la ntchito. Mu 2024 Arduino core ya ESP32 inachoka pa 2.x kupita pa 3.0, ndipo ma function ena ozolowereka, monga ledcSetup, anachotsedwa. Mapulogalamu amene ankayenda dzulo anayamba kukana popanda mwini wake kukhudza kanthu. Inu musawachitire zomwezo obwera pambuyo panu. Gwiritsani ntchito PlatformIO, chida chopangira code ya mabodi, ndipo mu fayilo yake ya platformio.ini lembani nambala yeniyeni ya platform ndi ya library iliyonse, osati kungoti yatsopano. Lembaninso mtundu weniweni wa bodi, mapini, mavoti a TCXO ndi mafunde. Zonse zikayenda, koperani foda yonse ya .platformio pa flash disk, muisiye ku dipatimenti pamodzi ndi fayilo ya firmware yopangidwa kale, kuti ngakhale intaneti itavuta, munthu athe kulowetsa pulogalamu mu bodi yatsopano.

Pa pulojekiti ya chaka chino khalani ndi V3 zanuzo ndi RadioLib. Tengani mabodi awiri okha poyamba, enawo akhale m'bokosi. Awiriwo ayankhulane patebulo, kenako mmodzi wa inu ayende ndi imodzi mpaka kumalire a sikimu akulemba RSSI (mphamvu ya mafunde olandiridwa) ndi SNR (mmene akuposera phokoso) pamalo alionse pamene padzakhale sensa, eriyo ili pa msinkhu umene idzakhale, osati m'manja m'mwamba. Mukatero yezani moto bodi itagona, chotsani batire n'kubwezera kangapo, ndipo muisiye panja m'kabokosi kotseka sabata yathunthu, ikumane ndi dzuwa ndi mame. Ikapirira pamenepo ndiye lowetsani firmware yomweyo m'mabodi 18 otsalawo. Ngati eni sikimu adzafune kuti masensa akhale zaka osasintha batire, gulu la chaka chamawa lidzasamukire pa RAK3172 kapena module ina ya STM32WLE5, ndipo muwagulire ST-LINK pa bajeti ya chaka chino.